Solo Yanga ndi Mbendera ya pa Boma

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, koma poti anthu a ku Lundazi amaifotokoza mokhotakhota, ena mpaka kuwonjezera kuti ndinakodzedwa, kuli bwino muimve kwa mwiniwake. Sindinakodzedwe ayi. Zina zonsezo n'zoona, ndipo manyazi ake amandigwirabe ndikamadutsa pa boma.

Ine ndine Yotamu Zimba, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndisanayambe kudya fumbi la choko, ndinali woimba gitala ya lidi mu bandi ya rock yotchedwa The Wild Spanners. Tinalipo atatu. Mtonga, wokonza njinga kuseri kwa msika, ankaimba ng'oma, ndipo dzina la bandi tinalitola m'bokosi lake la zida. Banda, kalaliki wa ku ofesi ya zaulimi wochokera ku Chipata, ankaimba besi komanso ndiye ankaimba pakamwa. Ine ndinali moto wa gululo. Sikudzitama, ndikungonena mmene zinalili.

Tinali ndi tsitsi la afro loti mpheta n'kumangamo chisa, mathalauza a belibotomu osesa msewu, ndi nsapato zazitali ngati waponda panjerwa. Loweruka lililonse holo inkadzaza.

Nanga chinatipasula n'chiyani? Solo.

Kwa inu osadziwa, solo ndi nthawi ija m'kati mwa nyimbo pamene woimba pakamwa amakhala chete, wa gitala n'kutsala akulankhula ndi zala. Anzanga ankafuna solo yaifupi. Ine ndinkati munthu akamalankhula zanzeru sumudula pakamwa. Ndipo ndikayamba ndinkatsinzina, chifukwa nyimbo yeniyeni situluka maso ali tong'o.

Tsiku lina pa ukwati ndinalowa solo bwinobwino. Akuti Mtonga anasiya ng'oma, anatuluka, anakadya mpunga ndi nkhuku, anasamba m'manja, n'kubwerera kudzandipeza ndidakali pomwepo. Mkwatibwi anali akusinza. Ndinangomva ndodo ya ng'oma yandipeza pakhutu.

"Zimba, iwe ulibe mabuleki!" anakalipa Mtonga. "Ine njinga yopanda mabuleki sinikwela!"

"Nsanje!" ndinabweza ine. "Nsanje chabe! Ng'oma angaimbe aliyense, ngakhale mvula pa malata!"

Mawu amenewo ndiwo anapha bandi. Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa ine ndi Mtonga osapatsana moni. Tayala la njinga yanga likaphwa pa boma, ndinkalolera kuikankha mtunda wautali kusiyana n'kuipititsa kwa iye.

Ananditumiza kukaphunzitsa ku Chikomeni. Ndinakwatira NyaMoyo, tinabereka ana anayi, tinkalima chimanga ndi mtedza, ndipo moyo unali bwino ndithu. Gitala inagona pansi pa bedi pamodzi ndi nsapato zakale. Koma ndisakunamizeni, anzanga aja ndinkawasowa. Kawailesi kakaimba nyimbo ya gitala, zala zinkandiyabwa, mtima n'kuwawa. Ndikauza ana kuti atate awo kale ankagwedeza Lundazi yense, ankayang'ana amayi awo, amayi awo n'kungoti, "Idyani, ndiwo zizizila." M'nyumba mwanga munalibe amene anandionapo pa siteji.

Tsiku lina nditaweruka ndinapeza kanjinga kamoto ka ku zaulimi kataima pakhomo. Banda! Mimba kutsogolo, dazi pamwamba.

"Monile a Zimba! Mukali moyo?"

"Yewo, a Banda. Mwasochela?"

"Sininasochele. Gitala ija mukali nayo?"

Nkhani yake inali yakuti pa boma pakhala chionetsero cha zaulimi, ndipo a Gavanala, amene masiku a chipani chimodziwo ankayang'anira boma lonse, akufuna bandi yotsekera mwambo. Bandi ya ku Chipata inali itakana chifukwa lole yawo inalibe matayala. Nthawi imeneyo tayala linkasowa chimodzimodzi sopo ndi mafuta ophikira. Ndiye Banda, pofuna kuoneka wanzeru pamaso pa mabwana, ananena kuti Lundazi ili ndi bandi yakeyake.

"Nanga Mtonga wavomela?" ndinafunsa.

"Wavomela. Koma ali na lamulo limodzi. Mukazimvele mweka."

Loweruka ndinapalasa mpaka ku boma. Mtonga ndinamupeza pa shedi yake akuwongola wilo, mutu uli mbuu ndi imvi, poti tsopano anali mkulu wa mpingo. Sanadzutse ngakhale nkhope.

"Zimba, mvela bwino. Solo nizakupatsa. Koma nikamenya chimbale ichi katatu, nge, nge, nge, uleke pamene apo. Ukapitiliza ngakhale pang'ono, ine nanyamula ng'oma zanga, ndipo usakanipatsenso moni mpaka kumanda."

"Nanga ngati sunamenye?"

"Ngati sininamenye, imba mpaka Yesu akabwele. Koma nizamenya."

Ndinavomera. Tinayeserera katatu, Loweruka lililonse, mu shedi momwemo. Nsambo za gitala yanga zinali zitadyedwa ndi dzimbiri, m'sitolo munalibe, ndiye Mtonga anasomola mawaya a mabuleki a njinga n'kundimangira. Mu ampulifaya ya Banda tinapezamo zisa za mavu. Koma titangoyamba nyimbo yoyamba, Banda akugunda besi, Mtonga n'kulowa ndi ng'oma, misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinasangalala kuposa mmene ndingafotokozere. Chimbale chikalira katatu ndinkaleka msangamsanga ngati mwana wa Sande sukulu, ndipo ndinalumbira mumtima kuti anthu awa sindidzawatayanso.

Tsiku linafika. NyaMoyo ndi ana onse anayi anakwera nane lole ya kopaletivu. Belibotomu yanga yakale inakana kutseka, ndiye mayiyo anaiwonjezera kansalu ka chitenje kumbuyo. Ndinavala nsapato zazitali zija, malaya ofiira otsegula pachifuwa, kenako ndinavula magalasi anga owerengera n'kuvala akuda ogula pamsika.

"Awisi Tiwonge," anatero NyaMoyo, kunditchula ndi dzina la mwana wathu woyamba, "magalasi anu ali kuti?"

"Wa rock savala magalasi a ticha."

"Nanga muzaona bwanji?"

"Gitala saiwelenga, NyaMoyo, amaimvela."

Anangotola magalasiwo n'kuwamanga pansonga ya chitenje. Tsono muyenera kudziwa kuti ine popanda magalasi, munthu akaima pataliko pang'ono, sindisiyanitsa ngati ndi m'busa kapena thumba la chimanga.

Siteji yathu inali ngolo ya thirakitala yoimikidwa pabwalo. Kutsogolo kwathu kunali khamu la anthu atakhala pansi, kuseri kwa khamulo maofesi a boma, ndipo pakhomo pa maofesiwo mtengo wa mbendera. A Gavanala ndi akuluakulu anakhala m'chisakasa cha udzu chakumbali.

Pa pulogalamu analemba kuti bandi iyamba 3 koloko. Koma mukudziwa malankhulidwe a masiku aja. Analankhula tcheyamani wa nthambi, kenako wa wadi, kenako wa amayi, kenako wa achinyamata, aliyense kuyamba wathokoza amene walankhula kale. Anapereka mphoto ya dzungu lalikulu, ya tambala wonenepa, ya fodya wosankhidwa bwino. Pamene amatiitana, dzuwa linali litapendeka kwambiri, nthawi itapitirira hafu faifi.

Nyimbo ziwiri zoyamba zinayenda bwino kwabasi. Madoda a msinkhu wathu anakumbukira unyamata wawo, amayi anamanga zitenje m'chiuno, fumbi linakwera. Pakati pa phokosolo ndinamva mawu a Tiwonge akukuwa kuti, "Adada! Ni adada ŵane ŵala!" Chifuwa changa chinatupa moti batani lina linathothoka.

Nyimbo yachitatu inali yathu yotchuka ija, yodandaula za msewu wa ku Chipata, ndipo solo yanga inali m'menemo. Anthu anali atakhalanso pansi kuti apume. Banda anamaliza ndime yake n'kukuwa kuti, "Zimba on lead!" Ndinaponda kabokosi ka fazi, kaja kamachititsa gitala kulira mosasa mawu, ndinasendera pafupi ndi ampulifaya, n'kutsinzina.

Apa ndiime kaye, ndikuuzeni za mwambo wa mbendera.

Masiku amenewo 6 koloko madzulo ikakwana, mesenjala wa pa boma ankaliza wezulo n'kuyamba kutsitsa mbendera. Aliyense amene ali pafupi ankayenera kuimirira, kutembenukira kumbendera, kuvula chipewa, n'kuuma gwa mpaka wezulo yachiwiri. Wa panjinga ankatsika. Mayi wosenza ndowa ankaima ndi ndowa yake pamutu. Ukangosuntha phazi, achinyamata a Chipani ankakudumphitsa ngati chule anthu akuona, ndipo ukachita tsoka ankakutcha mdani wa dziko. Mwambowu ndinkaudziwa bwino. Ineyo ndinalangapo ana a sukulu chifukwa chongodzikanda mbendera ikutsika.

Mesenjala wake anali a Mvula, mkulu amene anakhalapo msilikali, wandevu zopota, wosadziwa kuseka. Kwa iwo 6 koloko inali 6 koloko, kaya kuli chionetsero kaya kuli chivomezi. Solo yanga itangoyenda pang'ono, a Mvula analiza wezulo.

Anthu akumbuyo anaimva, anaimirira n'kutembenuka. Akutsogolo anaona anzawo, nawonso anadzuka n'kutembenuka. A Gavanala anaimirira. Banda anasiya besi ili lende pakhosi. Mtonga anaika ndodo pansi n'kuima njo. Pabwalo ponse munthu mmodzi yekha ndiye sanamve wezulo, chifukwa khutu lake linali pa ampulifaya.

Chimene ndinamva ine n'chakuti ng'oma zaleka, besi yaleka, kwatsala gitala yanga yokha.

Ha! Mtima unangoti myaa. Ndinati anyamata andisiyira bwalo lonse! Ndinati Mtonga, munthu wouma mtima uja, lero wazindikira kuti anandilakwira, ndipo iyi ndiyo mphatso yake yopepesera. Chimbale sichinalire, ndiye ndinali mkati mwa lamulo. Ndinakoka nsambo mpaka gitala inalira ngati mwana wobadwa kumene.

Kenako ndinatsegula diso limodzi kuti ndione mmene anthu akuilandirira.

Abale anga! Bwalo lonse linali chiimire! Kuchokera pansi pa siteji mpaka kumaofesi, anthu njo, zipewa m'manja, opanda wotsokomola. Ndinasuzumira m'chisakasa muja. Namonso anali ataima. A Gavanala amene, kuimirira chifukwa cha mwana wa Zimba! Kudzera m'magalasi akuda aja ndinkangoona zithunzithunzi za anthu, ndiye sindinadziwe kuti onsewo andipatsa misana.

Ndinatsinzinanso n'kunena mumtima kuti, "NyaMoyo, lero uone munthu amene unakwatiwa naye."

Kumbendera kuja zinthu zinali zitavuta. A Mvula anatsitsa pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse, akuyembekeza kuti chiphokosocho chileka. Sichinaleke. Mbendera itafika pakati pa mtengo, mkuluyo anagwira chingwe n'kuima. Pa usilikali wawo wonse anali asanatsitsepo mbendera m'phokoso, ndipo sanafune kuyamba tsiku limenelo.

Ndiye taonani mmene zinamangirirana. A Mvula sakanatsitsa mbendera ine ndisanaleke. Ine sindikanaleka Mtonga asanamenye chimbale. Mtonga sakanamenya chimbale mbendera isanatsike, ngakhale chinali pafupi ndi dzanja lake, poti tcheyamani wa achinyamata ankamuyang'ana ndi diso lakumbali. Ndipo tcheyamaniyo sakanabwera kudzandigwira, chifukwa nayenso lamulo linamuumitsa pamalo amodzi. Boma lonse la Lundazi linaima kudikira ine, ine ndikudikira Mtonga.

Poona kuti anthu sakukhala pansi, ndinati awa akufuna zambiri. Ndinanyamula gitala n'kuiika kumbuyo kwa mutu. Ndinaimba choncho kanthawi. Kenako ndinaibweretsa kukamwa n'kuyamba kuimba ndi mano. Mawaya a Mtonga ankanunkha girisi, koma waluso sadandaula.

Tsono kumsika, kumene kuli kataliko pang'ono, amayi ogulitsa anali akulongedza tomato ndi kapenta. Tsiku limenelo wezulo sanaimve chifukwa cha gitala. Mmodzi anakweza maso n'kuona mbendera ili pakati pa mtengo, osakwera osatsika. Anayang'ana kubwalo, anaona khamu lonse litaima chete, zipewa m'manja, a Gavanala ataweramitsa nkhope. Ndipo kuchokera komweko kunkamveka kulira kosalekeza, kokweza, komvetsa chisoni. Mbendera ikaima pakati aliyense amadziwa tanthauzo lake. Kwagwa mtengo waukulu m'dziko.

Mayiyo anataya beseni n'kuyamba kubuma. Anzake analandira. Posakhalitsa msika wonse unali panjira kuthamangira kubwalo, manja kumutu, ena akudzigwetsa m'fumbi. Anafika n'kumagwira anthu oimirira aja kuwafunsa amene wamwalira, koma palibe akanayankha, poti pa mbendera salankhula. Kukhala chete kumeneko kunawatsimikizira kuti nkhaniyo ndi yoopsa zedi, ndipo anakweza maliro.

Ine ndinamva amayi akukuwa.

Ndinati basi, zatheka! Zimene tinkangomva kuti zimachitika ku Lusaka ndi ku Kitwe, amayi kukomoka chifukwa cha woimba, lero zafika ku Lundazi! Ndipo sanali amayi awiri kapena atatu, koma chigulu. Ndikakoka nsambo, iwo ankakweza mawu. Ndikatsitsa, ankasisima. Sindinayambe ndamvanapo ndi anthu chotero pa moyo wanga wonse.

Ndinagwada pa siteji. Bondo lakumanzere linalira, koma sindinalisamale. Ndinapendekera kumbuyo mpaka msana unagunda matabwa a ngolo, n'kugona chagada, gitala pamimba, miyendo ikupalasa m'mwamba. Nsapato imodzi inavuka n'kuuluka. Ndinamva pambuyo pake kuti inakagwera pa dzungu lija linapata mphoto.

Za kutalika kwake anthu amatsutsana mpaka lero. Banda amati mphindi khumi. A Mvula ankati mkono wawo unachita dzanzi. Ine ndinkaona ngati ndangoyamba kumene.

Amene anapulumutsa dziko ndi NyaMoyo. Anaima nawo pa mbendera monga aliyense, ana atawagwira m'manja, mpaka anaona kuti izi zilibe mathero. Anasiya ana, anadutsa pakati pa anthu ouma aja, anadutsa pamaso pa tcheyamani wa achinyamata, anakwera pa ngolo, n'kuzula pulagi ya ampulifaya.

Ndinali ndili pa kanyimbo kokwera kwambiri, pakamwa pali yasa. Mwadzidzidzi gitala inangoti zii, kutsala kawaya kakulira ngati udzudzu. Apo m'pamene ndinamva bwino mawu a amayi aja.

"Chiuta wane! Tafwa ise! Dada withu watileka!"

Ndinati mawu awa sakumveka ngati a anthu okondwa.

NyaMoyo anawerama, anandivula magalasi akuda, n'kundiveka anga enieni.

"Valani," ananong'ona, "muone vimene mwachita."

Ndinadzutsa mutu. Misana! Misana yokhayokha mpaka kumaofesi. Kutsogolo kwa misanayo mbendera ili pakati pa mtengo, a Mvula atagwira chingwe, ndevu zikunjenjemera. Ndinatembenuka n'kuona Mtonga ali njo, thukuta lili kamukamu, maso ofiira akuloza kutsogolo.

Ndinadzambatuka n'kuima nawo. Koma poti phazi lina linali pa nsapato yaitali, lina pa sokosi, ndinaima chopendekera ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Mbendera inatsika bwinobwino. Wezulo yachiwiri inalira.

Gogo wina wa kumsika, fumbi lili mbuu kumutu, anagwira Banda mwendo.

"Mwana wane, ninjani wafwa?"

"Palije wafwa, amama," anayankha Banda. "Ni gitala."

Sindinapatsidwe mpata wofunafuna nsapato. Achinyamata awiri anandigwira uku ndi uku mpaka m'chisakasa, pamaso pa a Gavanala. Anthu onse anaunjikana, amayi a kumsika patsogolo, akupukuta misozi imene anaitaya pachabe. Za ntchito ndinaziganiza, za ndende ndinaziganizanso, koma chimene chinandiwawa koposa n'chakuti Mtonga anali atayamba kale kumasula ng'oma zake.

A Gavanala anali munthu wamfupi, wonenepa, wolankhula mosathamanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kusokosi.

"Ndiwe ndani iwe?"

"Zimba, bwana. Ticha wa ku Chikomeni."

"Ticha! Ana umawaphunzitsa kuchita chiyani mbendela ikamatsika?"

"Kuimilila, bwana."

"Nanga iwe unali kuchita chiyani?"

"Kugona chagada, bwana."

"Chifukwa?"

Ndinafunafuna bodza, koma mutu unali mbee. Ndinangonena zoona.

"Nenze kuganiza kuti anthu aimilila chifukwa cha ine, bwana."

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo bwalo lonse linaphulika. A Gavanala anayesa kulimbitsa nkhope, koma mimba inawapereka, inayamba kugwedezeka yokha.

"Iwe! Ine ndine Gavanala, koma anthu awa saniimilila mpaka ma youth awakumbutse. Manje iwe na gitala ya mawaya a njinga?"

Atapukuta m'maso anafunsa kuti, "Nanga anzako sanakuletse bwanji?"

Apo Mtonga anasiya ng'oma n'kubwera kutsogolo, chipewa m'manja. Ndinati basi, wabwera kudzandikhomera msomali womaliza.

"Bwana, mulandu uyu ni wanga," anatero. "Ninamuuza kuti asaleke mpaka nimenye chimbale katatu. Sininamenye chifukwa nenze pa attention. Munthu uyu namudziwa kuyambila tili anyamata, sanamvelepo lamulo la munthu aliyense. Lelo ndiye tsiku loyamba wamvela, ndipo onani vimene vachitika."

Ndinamuyang'ana Mtonga, iye osandiyang'ana. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkamutcha wansanje munthu ameneyu.

"Nanga imwe a Mvula, simukanatsiliza chabe?" anafunsa a Gavanala.

A Mvula anamenya sailuti. "Bwana, mbendela siitsika mu chongo cha gitala!"

"Chabwino. Manje ni ndani anayenda mbendela ikali pamwamba? Ninaona munthu ayenda."

NyaMoyo anatuluka m'gulu n'kugwada.

"Ndine, bwana. Ninaona kuti boma lonse laima, ndipo amene waimitsa ni wa kunyumba kwanga. Mbuzi ikalowa m'munda mwa eni, amakaichotsa ni mwini wake."

Amayi a kumsika analuluta. Ine, mbuzi yonenedwayo, ndinangoyang'ana sokosi yanga, imene inalinso yobooka pachala.

A Gavanala anagamula pomwepo. Choyamba, ndipepese kwa amayi a kumsika mmodzimmodzi, ndipo ndiwathandize kutola tomato amene anamwazika. Chachiwiri, bandi isathe, chifukwa nyimbo ziwiri zoyamba zija anazikonda, ndipo boma silingamadalire anthu a ku Chipata opanda matayala. Chachitatu, gitala ya Zimba isadzalirenso m'boma la Lundazi pokhapokha mayi uyu atakhala pafupi ndi pulagi.

"Mwamvela, amama? Mukaona kuti yakwana, zulani. Boma lili kumbuyo kwanu."

"Yewo, bwana," anatero NyaMoyo, ndipo sindinakonde mmene anamwetulira.

Tikutola tomato, Mtonga anabwera ndi nsapato yanga ija n'kuiponya pafupi nane.

"Pa Sabata pali ukwati kwa a Nyirenda," anatero. "Practice ni pa Chisanu. Usachedwe."

Ine ndinatola tomato otsalawo ndikuimba kamluzu.

Ukwati umenewo unali woyamba pansi pa lamulo latsopano. NyaMoyo anabwera ndi kampando kake ndi zoluka zake, n'kukhala pambali pa ampulifaya ngati mlonda. Nthawi ya solo itafika ndinatsinzina monga mwa kale, zala zinayamba kutentha, nyimbo inayamba kundibwerera bwino, ndipo ndili pakati penipeni pa mfundo, gitala inangoti zii.

Holo yonse inaphulika! Anthu anaomba m'manja, anaimba mluzu, amayi analuluta, madoda anamenya matebulo. Pa zaka zonse za The Wild Spanners sitinalandirepo m'manja ngati mmenemo. Ndinawerama katatu, dzanja pachifuwa, kenako ndinatembenukira kwa mkazi wanga.

"Wamvela, NyaMoyo? Wamvela mwamene anikondela anthu awa?"

Iye sanasiye n'kuluka komwe.

"Enya, awisi Tiwonge. Amakukondani maningi mukaleka."

Anthu akakuimirira, mbale wanga, yamba waona kumene kwaloza nkhope zawo.